Kodi ngati mumtima simukumva kanthu, chikhulupiriro chilipo?

Wapaulendo
Moni nonse a pagulu. Ndili ndi funso limene lakhala likundisowetsa tulo, chonde musandiseke. Ku gulu lathu la mapemphero aliyense akaima kuchitira umboni amatchula tsiku limene anatembenuka mtima. Wina analira usiku wonse, wina anagwa pansi, wina akuti anangomva thupi lonse kupepuka. Ine ndinakulira mu mpingo, ndinabatizidwa, Baibulo ndimawerenga, ndipo ndimakhulupirira kuti Yesu anafa nauka. Koma tsiku lotere ndilibe. Nthawi zambiri ndikagwada mumtima mumangoti zii. Amene amatitsogolera anandiuza kuti chikhristu changa n'cha m'mutu, sichinatsikire mumtima. Ndiye ndithandizeni: kodi zimene munthu amamva mkati mwake ndiwo muyeso woti Mulungu wamusintha? Ngati si zimenezo, timadziwira chiyani?

Lawi la Moto
Achemwali, ine sindibisa Chichewa. Mtsogoleri wanuyo sananame. Yakobo 2:19 akuti ziwanda nazonso zimakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi, mpaka zimanthunthumira. Kudziwa kokha sikupulumutsa munthu. Ophunzira aja a ku Emau anafunsana ngati mitima yawo sinkatentha pamene Yesu ankawamasulira malembo panjira. Aroma 8:16 akuti Mzimu amachitira umboni pamodzi ndi mzimu wathu kuti ndife ana a Mulungu. Umboni wosamveka ndi umboni wanji? Mulungu wamoyo akakhudza munthu, mwini wakeyo amadziwa. Musaleke kumufunafuna mpaka mutakumana naye.

Katekisiti
Achimwene a Lawi, tabwezani moto pang'ono. Mtima umene mukuti tiumverewo, Yeremiya 17:9 akuti ndi wonyenga koposa zonse. Ndiye chipulumutso chathu tichiike m'manja mwa mboni yotere? Munthu amatha kulira ndi nyimbo Lamulungu, Lolemba n'kukawabera abwana ake. Misozi inali yeniyeni ndithu. Koma anasintha?

Lawi la Moto
Ndiye inu mukufuna chipembedzo chozizira, chongoloweza mayankho a katekisimu?

Katekisiti
Sindinatero ayi. Ndangofunsa funso.

Wamabuku
Ndiloleni ndiponyepo nkhani imene alaliki amaikonda koma amaidula pakati. John Wesley, yemwe anayambitsa gulu la Methodist, madzulo a pa 24 Meyi 1738 anapita monyinyirika ku kamsonkhano kena mu msewu wa Aldersgate ku London. Kumeneko wina ankawerenga mawu oyamba amene Martin Luther analemba pa kalata ya Paulo kwa Aroma. Cha m'ma 8:45 Wesley anamva mtima wake ukufunda modabwitsa, ndipo anatsimikiza kuti Khristu wachotsa machimo ake, a iyeyo mwini wake. A Lawi, apa mukhoza kuomba m'manja.

Koma taonani mbali zotsalazo. Munthuyu anali kale wansembe wa Anglican kuyambira 1728, anali atawoloka nyanja kukatumikira ku Georgia. Ndiye sitinganene kuti zaka zonsezo Mulungu anali asanamuyambe. Ndipo usiku womwewo wa Aldersgate maganizo anamubwerera akuti, ngati ichi ndi chikhulupiriro, chimwemwe chili kuti? Patangopita miyezi 7, mu Januwale 1739, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti iye si Mkhristu, chifukwa chikondi, mtendere ndi chimwemwe sankazimva mumtima. Munthu yemweyo analalikira mpaka imfa yake mu 1791. Mtima wake unafunda, unazizira, unafundanso. Akanati aziyendera kufunda kwa mtima, bwenzi atasiyira panjira.

Mayi wa Kwaya
Eee! Za Januwalezo sanatiuzepo chikhalirecho. Timangomva za kufunda basi.

Abusa Opuma
Mwana wanga Wapaulendo, wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Mu Chipangano Chatsopano muli Paulo, mulinso Timoteyo. Paulo anagwa pansi pa njira ya ku Damasiko, kuwala kunamuwalira, anakhala masiku atatu osaona. Timoteyo chikhulupiriro anachipeza mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike, malembo anawadziwa kuyambira ali wakhanda. Palibe pamene Paulo anamufunsa kuti, iwe unagwa liti? Anamutcha mwana wake weniweni m'chikhulupiriro, n'kumusiyira mpingo wa ku Efeso.

Vuto limene ndinaliona pa zaka zanga za utumiki ndi loti timatenga njira ya munthu mmodzi n'kuisandutsa lamulo la onse. Kenako achinyamata amayamba kukometsera umboni wawo kuti ufanane ndi wa anzawo. Mwana woti sanalawepo ngakhale dontho la mowa amaima n'kumati ndinali chidakwa chotheratu. Tam'phunzitsa kunama m'dzina la Yesu.

Werenga Marko 4:26-29. Munthu amafesa mbewu, amagona, amadzuka, mbewu imamera ndi kukula iye osadziwa kuti zikuchitika bwanji. Ndi Yesu amene ananena zimenezo za Ufumu wa Mulungu, si ine.

Funsani
Pepani abusa, ine ndimakonda kufunsa zokhumudwitsa. Anthu a zipembedzo zina nawonso amamva mtendere akapemphera, amalira, ena amasiya mowa ndi chiwerewere. Ngati kumva mumtima ndi umboni, ndiye kuti zipembedzo zonse n'zoona. Ngati si umboni, monga mukunenera inu ndi a Katekisiti, ndiye mwatsala ndi chiyani? Womva mukuti Mulungu wamukhudza, wosamva mukuti Mulungu akugwira ntchito mwakachetechete. Mbali zonse mwapambana. Chimene chingasonyeze kuti palibe chikuchitika n'chiyani?

Wamabuku
A Funsani, funso lanuli linagawanitsa akatswiri a zaumulungu ku Ulaya kwa zaka zoposa 100. Friedrich Schleiermacher wa ku Germany, polembera mu 1799 anthu ophunzira amene ankanyoza chipembedzo, ananena kuti phata la chipembedzo si ziphunzitso kapena malamulo a khalidwe, koma chimene munthu amamva mkati. Pambuyo pake anachifotokoza kuti ndi kuzindikira mumtima kuti moyo wako wonse watsamira pa wina, kuti sunadzilenge ndipo sudzigwira wekha. Ziphunzitso, kwa iye, ndi mawu ofotokozera kumva kumeneko. Ankafuna kupulumutsa chikhristu kwa anthu amene ankati sayansi yachithetsa.

Mu 1841 Ludwig Feuerbach, woganiza mozama wina wa ku Germany komweko, anangokankha chitseko chomwecho n'kunena kuti, ngati zili choncho, munthu akamakamba za Mulungu amakhala akukamba za iye mwini, zokhumba zake waziponya kumwamba n'kuzigwadira.

Amene anaona kuopsa kwake ndi maso ndi Karl Barth, m'busa wa ku Switzerland. Mu 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, anthu ophunzira 93 a ku Germany anasaina chikalata choikira kumbuyo dziko lawo pa nkhondoyo, ndipo pakati pawo panali aphunzitsi ake a zaumulungu, monga Adolf von Harnack. Barth anaona kuti munthu akazolowera kumva Mulungu kudzera mu zimene mtima wake ukumva, tsiku limene mtimawo wadzaza ndi kukonda fuko ndi ng'oma za nkhondo adzati ameneyonso ndi Mulungu. Ndiye anatembenuza zinthu: poyambira si mtima wanga, koma Mulungu amene walankhula mwa Yesu Khristu, kaya ine ndikumva kaya sindikumva. Mu 1934 ndiye analemba mbali yaikulu ya chivomerezo cha ku Barmen, chokana Akhristu amene ankati Mulungu akulankhulanso kudzera mwa Hitler ndi mtundu wa Ajeremani. Ndipotu anthu amene ankatsatira Hitler aja mitima yawo inkatentha zedi.

Funsani
Chabwino, koma apo mwangondiuza kuti kumva n'koopsa. Simunandiuze chimene chatsala.

Wamabuku
Chatsala ndi nkhani imene akuti inachitika kunja kwa ine: munthu wina anapachikidwa nthawi ya Pontiyo Pilato, ndipo mboni zikuti anauka. Mukhoza kuikana nkhaniyo, koma kuona kapena kunama kwake sikudalira mmene ine ndadzukira lero. Luther akagwidwa ndi mantha sankadzifufuza mumtima, ankadziuza kuti, ndine wobatizidwa. Ankati tchimo ndi munthu wopindikira mwa iye mwini, ndipo ngakhale kudzipima kwauzimu kosatha kungakhale kupindika komweko.

Komabe ndisawanamizire akuluakuluwa, ngati kuti anati za mkati n'zopanda ntchito. Søren Kierkegaard wa ku Copenhagen, ku Denmark, ankakhala m'dziko limene pafupifupi aliyense anali wobatizidwa mu mpingo wa boma, ndipo zimenezi n'zimene zinkamuwawa. Mu 1846 analemba kuti pa nkhani ya chikhulupiriro choonadi chili mu mmene munthu wachigwirira ndi moyo wake wonse. Ena amamumva ngati akuti aliyense ali ndi choonadi chake. Sizimenezo. Iye ankati ukhoza kukhala ndi chiphunzitso cholondola mpaka kadontho komaliza, iwe mwini uli kunja kwake ngati woonerera. Apatu iye ndi a Lawi ali mbali imodzi.

Lawi la Moto
Zikomo achimwene, mwandikumbukira. Inetu chimene chimandipweteka ndi ichi: anthu a mabuku mukayamba kukayikira zimene anthu wamba akumana nazo, mapeto ake olankhula za Mulungu amatsala a madigiri okha. Munthu wobadwa wosaona uja wa pa Yohane 9, akuluakulu anamupanikiza ndi mafunso a chiphunzitso, iye anangoti chinthu chimodzi ndikudziwa, ndinali wosaona, tsopano ndikuona. Anamutaya kunja, koma Yesu anakam'peza.

Ndipo musaiwale za ku Azusa Street ku Los Angeles mu 1906. William Seymour, mwana wa anthu amene anali akapolo, ankatsogolera mapemphero m'nyumba yakale yosaoneka bwino, ndipo akuda ndi azungu ankagwada pamodzi pa nthawi imene mipingo yambiri yokhala ndi chiphunzitso chokonzeka inkawalekanitsa. Nyuzipepala zinawaseka. Nanga chinawagwaditsa pamodzi chinali katekisimu?

Katekisiti
Apo mwanena zoona, sindikutsutsani. Kungoti patapita zaka zochepa gulu lomwelo linagawikana, ndipo khungu linali chimodzi mwa zifukwa zake. Moto unalipo, koma sunapsereze zonse.

Ife Akatolika nkhani ya kusiyanitsa mizimu tili nayo kuyambira kale. Ignatius wa ku Loyola anali msilikali, mpira wa mzinga unamuthyola mwendo ku Pamplona mu 1521. Ali chigonere anaona kanthu: akamalingalira za ulemerero wa usilikali ndi za mkazi wina wapamwamba ankasangalala, koma maganizowo akatha ankatsala wouma ndi wosakhutira. Akamalingalira zotsanzira anthu oyera ankasangalalanso, koma chimwemwecho chinkatsalira. Ndiye iye sanataye zomva mumtima, anaphunzira kuziwerenga, makamaka kuona kumene zikum'siya. Limodzi la malangizo ake ndi loti nthawi ya kuuma kwauzimu usasinthe zimene unatsimikiza nthawi ya kuwala.

Za kuuma kwa achemwali athuwa, John of the Cross wa ku Spain, amene anamwalira mu 1591, anaphunzitsa kuti Mulungu amatha kuchotsa dala kukoma kwa pemphero kuti munthu aleke kukonda mphatso, ayambe kukonda wopatsayo. Makalata a Mother Teresa atasindikizidwa mu 2007, dziko linadabwa kumva kuti kwa zaka zambirimbiri ankamva ngati Mulungu kulibe pafupi, uku m'mawa uliwonse akudzuka kukasamalira anthu ofera m'misewu ya Calcutta. A Lawi, mayi ameneyu mukanamuuza kuti chikhristu chake n'cha m'mutu?

Lawi la Moto
Ayi, ameneyo sindikanamuuza. Koma musaiwale kuti iye anayamba wamva kuitana kwa Yesu momveka bwino ali m'sitima mu 1946. Anasowa chinthu chimene anali atachilawapo. N'zosiyana ndi munthu amene sanalawepo.

Katekisiti
Salimo 88 limathera mumdima, popanda ngakhale mzere umodzi wa chitonthozo, koma lili m'Baibulo ngati pemphero. Wolilembayo akulankhulabe ndi Mulungu. Achemwaliwanso akugwadabe.

Mayi Mlangizi
Ana inu mwatchula azungu ambiri, ine ndinene zimene ndinaona ndi maso angawa. Tinali ndi bambo wina pa gulu lathu, akagwira maikolofoni anthu ankaimirira. Umboni wake unali wogwetsa misozi. Koma ine ndinkayang'ana mkazi wake. Nthawi yonse imene bamboyo akulankhula, mayiyo ankangoyang'ana pansi, akupotokola kansalu m'manja, ndipo ana akamva mawu a bambo awo akukwera ankadzidzimuka ngakhale muli m'tchalitchi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Panalinso mayi wina wosatha kupemphera mokweza, ukam'patsa pemphero amangoti mawu awiri atatu, amen. Iyeyu kale anali ndi pakamwa, nkhani ikafika kwa iye imafika ponseponse. Sindikudziwa kuti zinayamba liti, koma tinangozindikira kuti anthu ayamba kum'uza zinsinsi zawo. Ndinam'funsa kuti, amayi, chachitika n'chiyani? Anadabwa, amvekere, kodi ndasintha?

Ndiye mwana wanga, ukafuna kudziwa ngati Mulungu akukusintha, usadzifunse wekha wekha. Funsa amene umakhala nawo nyumba imodzi. Zakeyu sitinauzidwe zambiri za zimene anamva mumtima, kupatula kuti analandira Yesu mokondwera. Tinauzidwa kuti theka la chuma chake analonjeza kupatsa osauka, ndipo amene anawalanda awabwezera kanayi. Yesu atamva zimenezo ndi pamene anati lero chipulumutso chafika m'nyumba muno.

Mayi wa Kwaya
Amayi, mwalasa. Za kansalu zija ndaziona nanenso.

Abusa Opuma
Zimene anena amayiwa ndi zomwe Jonathan Edwards anafikapo atavutika nazo zaka zambiri. Iye anali m'busa ku Northampton, ku Massachusetts, ndipo chitsitsimutso chinabuka mu mpingo wake womwe mu 1734 ndi 1735. Anaona anthu akulira, akukomoka, akutembenuka. Anaonanso ena mwa iwo akubwerera ku zakale. Mu 1746 anatulutsa buku lonse pa funso lomweli. Sanali mdani wa moto ayi, ankati chipembedzo choona mbali yake yaikulu chili mu zokonda za mtima, ndipo mtima wosakhudzidwa konse ndi zinthu za Mulungu ndi wakufa. Koma anandandalika zinthu zimene sizitsimikiza kalikonse, kaya kuti Mzimu alipo kaya kuti palibe: kumva mwamphamvu, kunjenjemera kwa thupi, kulankhula kwambiri za Mulungu, mavesi kungobwera okha m'mutu, ngakhale kudzimva wotsimikiza kuti ndapulumuka. Kenako anapereka zizindikiro 12 zodalirika, ndipo chachikulu mwa zonse anati ndi makhalidwe a tsiku ndi tsiku amene amapitirira mpaka mapeto.

Muone kuti Edwards akamati zokonda za mtima satanthauza tsembwe la pathupi. Akunena kumene chifuniro chako chapendekera, chimene umachilakalaka ndi chimene wayamba kunyansidwa nacho. Munthu angakhale wosalira koma mtima wake utatembenukira kwina ndithu.

Funsani
Ndiye bwanji za mnzanga wosapemphera amene ndi woleza mtima, wopatsa, wosanama, kuposa Akhristu ambiri amene ndimawadziwa? Zipatso ali nazo. Nayenso wasinthidwa ndi Mzimu?

Abusa Opuma
Woweruza si ine, mwana wanga, ndipo Yohane 3:8 akuti mphepo imaomba kumene ifuna. Ndingoti zipatso si chiphaso cholowera kumwamba, ndi chizindikiro chabe, ndipo poyerekeza suyerekeza Mkhristu uyu ndi wosapemphera uyo. Umayerekeza munthu ndi mmene iye mwini analili. Wina anabadwa wofatsa, wina anabadwa wa mtima wapachala, ndipo kwa wachiwiriyu kungobweza mawu kamodzi ndi chozizwitsa chimene anthu sachiona.

China: pa Mateyu 25, olungama aja akudabwa, akufunsa kuti, Ambuye, tinakuonani liti wanjala? Pa Mateyu 7 amene akuwerengera zimene anachita m'dzina lake, kunenera ndi kutulutsa ziwanda, ndi amene akuuzidwa kuti sindinakudziweni. Mose potsika m'phiri sankadziwa kuti nkhope yake ikuwala. Zikuoneka kuti mwini wake ndi amene amachedwa kudziwa.

Wapaulendo
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Koma ndinene chilungamo, pali pena pamene a Lawi andigwira. Kuti Yesu anafera ochimwa sindikayika. Kuti anafera mayi aja a mawu awiri atatu, ndikuvomera ndi mtima wonse. Pamene pamandivuta ndi kunena kuti anafera ine. Pakamwa pamanena, koma ndimamva ngati ndikuwerenga kalata ya munthu wina.

Wamabuku
Achemwali, apa ndiye mwafika pachimake, ndipo simuli nokha. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, wa mipingo ya Reformed, pa funso 21, amati chikhulupiriro choona si kudziwa kokha, komanso kudalira kuti chikhululukiro chapatsidwa osati kwa ena okha, koma kwa inenso. Ndiye “inenso” ameneyo ndi wofunika, sitingamuchotse. Koma chivomerezo cha Westminster cha mipingo ya Presbyterian, cha m'zaka za m'ma 1640, pa mutu 18 chimati wokhulupirira weniweni akhoza kudikira nthawi yaitali ndi kulimbana ndi zovuta zambiri asanakhale ndi chitsimikizo, ndipo chitsimikizocho chimatha kugwedezeka. Msonkhano wa mabishopu a Katolika wa ku Trent mu 1547 unapitirira apo, unati palibe angadziwe motsimikiza kotheratu kuti ali m'chisomo, ngakhale kuti chifundo cha Mulungu sayenera kuchikayika. Mipingoyi imasiyana pa zambiri, koma palibe mwa zikalata ziwiri zomalizazi chimene chingakutulutseni kunja chifukwa choti simukumva.

Abusa Opuma
Ndipo bambo uja wa mwana wodwala pa Marko 9:24 anati ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, mwana wake n'kuchira ndi chikhulupiriro chotheka chomwecho. Pemphero limenelo ulitenge. Werenganso 1 Yohane 3:20, mtima wathu ukatitsutsa Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathu. Ukapezenso munthu wamkulu m'chikhulupiriro woti uzikamba naye maso ndi maso, chifukwa mawu akuti “kwa iwenso” nthawi zambiri amalowa bwino akachokera pakamwa pa wina. Ngati kuumako kwafalikira ku zonse, chakudya osakoma, tulo osabwera, zimene unkakonda osazifunanso, ukaonanenso ndi achipatala. Matenda a maganizo amatha kuvala zovala zauzimu, ndipo kusala kudya sikuwachiza.

Lawi la Moto
Ine ndikupemphererani achemwali, ndipo sindisiya kunena kuti Mulungu amafuna mulawe. Kudikira ndavomera. Kukhazikika mu kuuma n'kumati ndi mmene zimakhalira, ayi.

Funsani
A Lawi, popeza mwabwerera. Wina akaima n'kunena kuti Mulungu wandiuza kuti uyu akwatiwe ndi uyu, kapena kuti wodwala asiye mankhwala, nayenso akuti wamva mumtima. Mumam'letsa ndi chiyani, popeza mwati mwini wake amadziwa?

Lawi la Moto
1 Akorinto 14:29, aneneri alankhule awiri kapena atatu, enawo ayese zimene zanenedwa. 1 Yohane 4:1, musakhulupirire mzimu uliwonse. Wonena kuti wodwala asiye mankhwala ine ndimam'khazika pansi pomwepo. Sindinanene kuti womva asafunsidwe.

Katekisiti
Ndiye mwafika kwathu achimwene, chifukwa “enawo” ndi mpingo. Funso langa n'lakuti m'magulu mmene mneneri ndiye mwini gulu, ndiye wolemba ntchito akuluakulu onse ndi kuwachotsa, enawo amene angayese mawu ake ndi ndani?

Lawi la Moto
Limenelo ndi bala lathu, sindikana. Koma ndikabwera kuntchito madzulo ndikufunsani nanunso za nthawi zimene mpingo wonse, ndi mabishopu ake, unayesa munthu n'kulakwitsa. Tiyambire pa Joan of Arc, mtsikana wa ku France: bwalo la mpingo linam'weruza n'kuwotchedwa mu 1431, mpingo womwewo n'kudzam'tcha woyera mu 1920.